Kafukufuku wa Mkamwini

Amuna anga anali a kunyanja, ndipo kwa abale anga umenewo unali mlandu wokwanira. Kwathu ndi kumapiri, kuseri kwa Malomo, kumene mwamuna amamuyeza ndi kutalika kwa chigafa cha fodya. Iwo khasu ankaligwira ngati nkhafi. Mzere ankauyamba bwinobwino, koma ukamafika pakati unkakhota pang'onopang'ono mpaka kukalowa m'munda wa eni ake, ndipo mayi anga akauona ankangogwira pakamwa n'kubwerera kunyumba.

Pa chikamwini anabwera ndi zinthu ziwiri, bwato ndi kambande ka mango m'chitini. Bwatolo linakwera mapiri pa ngolo ya ng'ombe, ana akulithamangira m'mbuyo, akuluakulu akuvula zipewa m'mbali mwa msewu n'kumafunsana kuti wamwalira ndani wamtali chotere. Mangowo anali a mtundu wa kwawo, aja aakuluakulu odya anthu awiri. Tsiku limene anati abzale kambande kaja kuseri kwa nyumba, amalume anga, eni mbumba, anawapeza akukumba.

"Akamwini, dzenjelo n'la chiyani?"

"Ndati ndibzale mangowa, apongozi."

"Mtengo amabzala ndi munthu wokhala. Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Kwirirani."

Anakwirira. Kambande kaja kanatsala m'chitini pakhonde, kenako tinakasamutsira m'ndowa yobooka, ndipo m'mawa uliwonse ankakathirira asanasambe n'kumaso komwe.

Chimene chinkatidyetsa chinali damu. Boma linali litakumba damu m'chigwa kuti ng'ombe zizimwa, n'kuthiramo nsomba za makumba, koma anthu a kwathu nsomba ankaidziwa youma, ya pamsika. Madzi akawafika m'mawondo ankayamba kuitana Mulungu. Amuna anga okha ndiwo ankalowa ndi bwato, kutchera ukonde, kenako n'kumanga dengu panjinga ulendo wa ku Malomo. Chilimwe chonse pakhomo pathu pankanunkhira. Koma mvula ikangoyamba, damu ankalitseka. Lamulo linali loti nsomba zikamaswana asazigwire aliyense, ndipo malamulo a masiku amenewo sitinkawafunsa kuti chifukwa chiyani. Bwato linkagona chafufumimba pamtunda, nkhuku n'kumaikira pansi pake, mwini wake n'kubwerera ku mizere yake yokhota.

Chaka chimene ndikunenachi amalume anatopa nazo. Anatiitana ine ndi mayi anga n'kunena mosapita m'mbali kuti tikakolola, nkhokwe ikapanda kudzaza, mlamba ubwerere kunyanja. Ana atsale, ine nditsale, bwato litsike. Tonse tinkadziwa kuti ndi mizere imene ija nkhokwe singadzaze. Ndinapsa mtima mpaka ndinathyola chipande pomenya nacho chitseko. Amuna angawo ndinkawakonda, ndinene poyera, ndi mizere yawo yomwe, koma mawu a eni mbumba mwana wamkazi sankawabweza. Nditawauza amuna anga, anangoti, "Ndamva, mayi," n'kupita kukathirira mango awo kachiwiri tsiku limenelo.

Mvula itakhazikika kunabwera mthuthuthu. Unadutsa nyumba ya atcheyamani a chipani osaima, unadutsa ya amalume, n'kudzaima pakhomo pathu. Wokwerapo anali bwana wa boma woona za nsomba, wa jombo ndi magalasi. Anatengana ndi amuna anga kupita kudamu awiriwiri, mudzi wonse ukusuzumira m'mipata ya mipanda. Pobwerako amuna anga anali atanyamula thabwa la manambala ngati lula wa kusukulu, kampeni, ndi bokosi la mabotolo. Nkhope ili ngwee.

"Mayi, pitikitsani nkhuku zija. Bwato likulowa m'madzi."

"Mwezi uno? Mukufuna ndizikupititsirani phala kundende?"

Anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Boma linkafuna kudziwa ngati makumba amaswana bwino m'madamu a kumapiri kozizira kuno. Koma bwato analibe, ndipo ngakhale akanakhala nalo, bwana uja kusambira sankatha. Ndiye anawachotsera lamulo iwo okha. Azitchera ukonde kangapo pamwezi, nsomba iliyonse aziigoneka pathabwa kuti aone kutalika kwake, aziitumbula kuti adziwe ngati ndi yaimuna kapena yaikazi, mazira azisunga m'mabotolo a mankhwala. Aziyang'ananso m'kamwa, poti makumba aakazi mazira ndi ana amasungira m'kamwa. Mnofu wotsalawo boma linalibe nawo ntchito, akhoza kugulitsa monga mwa masiku onse.

"Ntchito imeneyi akuti dzina lake n'kafukufuku," anatero, mawuwo akuwatafuna ngati nzimbe.

Ine ndinamva bwinobwino. Vuto n'loti ena onse kufotokozako sanakumve, anangomva dzinalo.

Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi, mkulu wa mpingo wina anawafunsa monyodola ngati mlendo wa mthuthuthu uja anali mbale wawo wodzawatenga. Amuna anga anakonza kolala n'kuyankha mokweza kuti onse amve.

"Ayi, ndi a boma. Andipatsa ntchito ya kafukufuku pamudzi pano. Akuti ndiziona zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndipo mvula ikatha adzabwera kudzamva zimene ndapeza."

Pabwalo la tchalitchi panangoti zii. Ngakhale khanda limene linkalira linasiya.

Ana a lero mawu amenewa amawamva kusukulu ndi pawailesi, ndiye sangadziwe. Masiku amenewo kafukufuku sankachitikira nsomba. Ukamva kuti uje akumuchita kafukufuku, unkadziwa kuti posachedwa kubwera galimoto, ndipo mkazi wake ayamba kulima yekha. Munthu ankatha kupita chifukwa cha mawu amene anawanena pa mowa, kapena chifukwa chokulungira usipa m'nyuzipepala yokhala ndi chithunzi chosayenera kukulungira usipa. Ndiye tangoganizani. Mkamwini amene aliyense anamunenapo chipongwe, ndi ana omwe, lero boma lamulola kuswa lamulo dzuwa likuswa mtengo, ndipo akunena ndi pakamwa pake kuti aziona zonse. Pofika madzulo mudzi unali utagwirizana kuti nsombazo n'chophimba m'maso chabe, amuna anga ndi kazitape.

Loyamba kugwira ntchito linali thabwa lija. Ankalinyamula m'khwapa kulikonse chifukwa chonyadira, ndipo atsikana ataliona anati n'loyezera madiresi, poti nthawi imeneyo diresi loonetsa bondo linali mlandu. Telala wa ku Malomo anatupa zala ndi ntchito yomasula mipendero. Anyamata a tsitsi lalitali anametana okhaokha ndi lezala limodzi, mitu n'kutuluka ngati minda yolima amuna anga. Makhadi a chipani anatha, mayi wina woyembekezera anagula lake ndi la ali m'mimbayo, kenako anabwereranso kukagula lina poti kwawo kumabadwa mapasa. Mizere yokhota ija inayamba kutamandidwa. Mwini munda woyandikana nafe, amene chaka chilichonse ankatizenga mlandu wa malire, anati kalimidwe kameneka n'kamakono, kamasunga madzi, ndipo anakhotetsako mizere yake iwiri ya kumsewu kuti ziwoneke.

Nsomba zinkatha amuna anga asanafike n'kumsewu komwe. Anthu amene chibadwire ankati nsomba yosauma imawapatsa nseru ankagula n'kulandira ndi manja awiri, n'kuyamikira kuti a boma ndi aukhondo, agulitsa zotumbula kale.

Kenako kunayamba kuulula. Munthu ankatsikira kudamu ngati akufuna ng'ombe yosochera, n'kukhala pamwala pafupi ndi pamene amuna anga ankayezera nsomba, n'kuyamba kukhosomola. Ine ndinkakhala chapatali ndikutsuka zotumbulidwazo, ndipo makutu anga ngabwino mpaka lero. Wina anaulula kuti amamvera wailesi ya kunja atafunda bulangeti. Wina anati anagonadi pa msonkhano wa chipani, koma anali ndi malungo. Atcheyamani eni ake anabwera ndi tambala m'khwapa n'kunena kuti mazira aja anasonkhetsa m'mudzi, a mphatso ya akuluakulu a boma, ena anasweka panjira, ndipo poti anali atasweka kale, anawakazinga. Amuna anga ankangoti, "Oo," maso ali pathabwa. "Oo. Pepani." Anthu ankachoka akuti munthuyu ngozama, zathu sakulemba n'komwe, akusunga m'mutu.

Amalume anabwera pomalizira. Anavala jekete la kutchalitchi, anavula chipewa, n'kukhala pansi penipeni, mwala uli pomwepo.

"Bambo," anatero. Bambo! Mlamba uja. "Bambo, ine ndakalamba, pakamwa pamathamanga. Tsiku lija pamaliro ndinanena kuti fodya wathu amatigula ngati akutilanda, ndiponso kuti akudya thukuta lathu ndi omwewo timawaombera m'manja. Sindinali ine, unali mowa."

"Oo," anatero amuna anga. "Komatu fodya amagula motchipadi, apongozi."

Amalume anaona kuti umenewu ndi msampha. Anadzuka n'kuyamba kutamanda mitengo ya fodya mokuwa, atayang'ana kumapiri, mpaka ng'ombe zinasiya kumwa.

Kunyumba amuna anga anali ngati mwana wovala zatsopano. "Mwaona, mayi? Anthu a kuno ayamba kundizolowera. Akumandiuza za kukhosi. Apongozi anditchula kuti bambo. Sukulu ndi yabwino, taonani kathabwa kokhaka." Ine ndinkadziwa zonse, koma sindinawauze iwo, sindinauzenso mudzi. Zaka zonse zija munthu ankakhala yekha pakhonde, amuna anzake akudutsa ngati akudutsa chitsa, ndiye ine ndikanamulanda bwanji moni wake woyamba? Ndiponso ndinkaganiza kuti mantha a amalume akafika nthawi yokolola asanathe, nkhani ya nkhokwe iiwalika. Inenso ndinavutika nazo, musaganize kuti ayi. Ndikafika kuchitsime miseche yonse inkauma, amayi n'kuyamba kuyamikira chitukuko. Dzinja lathunthu osamva kuti ndani wathawa ndi mwamuna wa yani! Ndinaonda.

Mvula itatha uthenga unafika woti bwana wa mthuthuthu akubwera. Atcheyamani anati ngati n'kufa tifere pamodzi, n'kulamula kuti mudzi wonse ukasonkhane kudamu. Anthu anabwera atavala za Lamulungu, makhadi m'manja, ena atatsanzika kale ana n'kuwauza pamene pali makasu. Ayufi a chipani anaima kumbuyo ndi malaya awo ofiira. Bwana uja atafika anadabwa, anati chiyambire ntchito sanaonepo anthu okonda nsomba ngati a kuno. Anakhala pampando umene anamuikira, n'kutembenukira kwa amuna anga.

"Tiuzeni, mwapeza zotani?"

Amuna anga anaimirira, manja kumbuyo ngati mphunzitsi.

"Bwana, choyamba, aakazi ndi ochuluka kuposa aamuna, ndipo pafupifupi onse ali ndi kanthu kamene akubisa m'kamwa."

Amayi onse anatseka pakamwa.

"Koma ukawagwira bwino pakhosi, amalavula okha."

Mayi anga anayamba nyimbo ya maliro chapansipansi.

"Chimene chandidabwitsa n'choti aang'onoang'ono ambiri ali kale ndi mimba, msinkhu usanafike."

Kumbuyo kunamveka mbama. Mayi wina anali atamenya mwana wake wamkazi mongokonzekera.

"Nanga akuluakulu?" anafunsa bwana uja.

"Akuluakulu ndi ochepa, koma ndi amene akudya kwambiri. Wina wonenepa ndinamupeza mazira ali tho mimba yonse. Ameneyo ndakusungirani padera."

Atcheyamani anagwira pamimba, thukuta lili kamukamu, kenako anagwada m'matope. "Anali osweka, bwana!"

"Osweka? Ayi, ali bwinobwino," anatero amuna anga, n'kutsegula bokosi lija n'kutulutsa botolo. "Si awa."

Anali mazira a nsomba, achikasu, akuyandama m'mankhwala. Mabotolo anandandalikidwa pa udzu, bwana uja n'kumanyamula limodzilimodzi, kuliyang'ana padzuwa, akusangalala, akufotokozera anthu za kuzizira kwa madzi. Palibe ankamumvera. Panapita kanthawi, kenako mayi wa mbama uja anafunsa ndi timawu tating'ono.

"Ndiye aang'onoang'ono a mimba aja, n'nsomba?"

Kuseka kumene kunabuka pamenepo sindinakumvenso kwina. Anthu anagubuduka pa udzu, ometa aja akugwirana mitu, atsikana akukweza madiresi kuti aone ngati mawondo akadalipo. Amuna anga anayamba kuseka nawo osadziwa chimene akuseka, mpaka wina anafuula, misozi ili mbwembwembwe, "Akamwini, ifetu timati ndinu kazitape!" Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anayang'ana thabwa, anayang'ana amalume, kenako anayang'ana ine. Ndinazolika. Mtima unandiwawa kuposa tsiku lija la chipande.

Mthuthuthu utangochoka ndi mabotolo ake, atcheyamani, mawondo ali matope okhaokha, anafuna pochotsera manyazi. Anaitana ayufi n'kukaima pamaso pa amuna anga, ndipo kuseka kuja kunazima.

"Chabwino, ndinu wa nsomba. Koma anthu akhala akutsikira kuno dzinja lonse kudzakuuzani zinthu. Chipani chikufuna kumva. Yambani ndi akuluakulu a mudzi uno."

Apa panalibenso choseketsa. Amalume anali chapafupi, chipewa chili m'manja. Mawu awo aja a fodya akanangotuluka, galimoto ikanabweradi. Ndipo wofunsidwayo anali munthu amene iwo anamulamula kuti akakolola azipita. Akanalankhula, pamudzi sipakanatsala womuthamangitsa.

Amuna anga anapukuta thabwa lawo ndi malaya, mosafulumira.

"Atcheya, ine boma linandichotsera lamulo la nsomba lokha, za anthu silinanditume. Ndiponso madzi a kuno ngozizira, anandilowa m'makutu. Inu nomwe munabwera ndi tambala, munalankhula nthawi yaitali, koma ndikumbutseni pamaso pa anyamatawa, munkati chinasweka n'chiyani?"

Atcheyamani anayang'ana ayufi awo, amene anali atatchera kale makutu, n'kunena kuti dzuwa latentha, msonkhano watha.

Tinakolola. Chimanga chinalekera m'chiuno mwa nkhokwe. Amuna anga sanadikire kuti awakumbutse, anapita okha kukapangana ndi mwini ngolo, anapinda ukonde, thabwa lija anapatsa ana kuti azisewera nalo. Anthu anali atabwerera ku moni wawo wakale wa pamphuno, ena akawaona ankatsinzina pakamwa n'kufufumitsa masaya ngati nsomba. Za kusawauza kwanga ananenapo kamodzi kokha. "Mukanandiuza, mayi. Ine ndimayesa andikonda." Ndinalira.

M'mawa wa tsiku la ulendo ngolo inafika, bwato analikweza. Ana anali atandigwira nsalu. Amuna anga anakwera pakhonde n'kunyamula ndowa ya mango, mtengowo utawafika pachifuwa, mizu itatulukira pobooka paja. Pamenepo amalume anatulukira, khasu lili paphewa. Moni sanapereke. Anazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo tinamva khasu likugunda. Tinapita kukaona. Munthu wa msana wovuta uja ankakumba pamalo pomwe paja anakwiriritsa, dothi likugwera pa nsapato zake. Atatha anaponya khasu pansi, ali wefuwefu.

"Akamwini, dzenjeli lakhota, koma inu simungadandaule. Bweretsani ndowayo."

Amuna anga anangoti chilili, ndowa ili m'manja.

"Kodi madzi aja anakulowanidi m'makutu? Ndati bzalani. Ndipo muuze wa ngoloyo atsitse bokosi la malirolo, akutiopsezera ana."

Amuna anga anagwada n'kubzala. Dothi anawathandiza kukwirira ndi amalume, ndi phazi, akung'ung'udza kuti anthu a kunyanja ngakhale kukwirira satha.

Mizere sinawongoke mpaka imfa ya amuna anga, ndipo nkhokwe sinadzazepo. Manda awo ali kuno kumapiri, mzere umodzi ndi amalume. Mtengo uja unakula mpaka unaphimba denga, ndipo mango ake sapsa bwino chifukwa ana a m'mudzi amawagenda akadali aawisi. Ndikatuluka ndi ndodo n'kuwafunsa kuti akutani mumtengo mwa eni ake, amayankha ali m'mwamba, masaya atatupa, kuti akuchita kafukufuku. Ndimawatukwana mokwanira, kenako ndimabwerera m'nyumba n'kuwasiya adye.